Mzere Wapansi pa Chiliza cha Sowo

Kuseri kwa Embangweni kuli manda ena amene sindifuna kuwaonanso. Si kuti ndimaopa mizukwa ayi, munthu wa msinkhu wanga mizukwa ndi anzake a mawa. Ndimaopa mwala umodzi wakuda, wa pachiliza chakumapeto kwenikweni, chifukwa mawu a pamwalapo ndinalembetsa ndine, ndipo mwala si bolodi la kusukulu loti ungopukuta ndi kansanza. Nkhaniyi ndaibisa miyezi ingapo. Ndaganiza zoiulula ndekha anthu asanaithire mchere wawo, pakuti pa Mzimba boma ena ayamba kale kundiitana kuti "a Kaya" ndikamadutsa pamsika.

Kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera kumpoto kuno ndili mnyamata, kudzagwira ntchito yodula paini ku Luwawa. Obwerafe tinalipo ambiri, a ku Mulanje, a ku Ntcheu, a ku Zomba, aliyense ndi bulangete limodzi (kuzizira kwa kumeneko kumaphunzitsa munthu kupemphera). Ine ndinachoka kwathu titayambana ndi malume pa nkhani ya dimba, ndipo ndinalumbira kuti sindidzapondakonso mpaka atapepesa. Malumewo anamwalira osapepesa. Ndinakalamba pantchito, ndinapuma, n'kutsegula kashedi kogulitsira matabwa pa boma pano. Za ku Dedza ndakhala ndikunena kuti ndipita chaka chamawa, ndipo chaka chamawacho chatha zaka zoposa makumi atatu chisanafike.

Ku Luwawa n'kumene ndinamudziwira Sowo. Dzina lake lenileni anali Lameki, koma palibe ankamuitana choncho. Mkati mwa sabata ankakankhira zipika kumacheka ngati wina aliyense. Loweruka masana ankatulutsa gitala yamagetsi, n'kuilumikiza ku jenereta, ndipo pabwalo la mpira pankasanduka pena. Gitalayo inkalira ngati sowo ikakumana ndi mfundo m'chipika, n'chifukwa chake tinamupatsa dzinalo. Ankaimba nyimbo za roko, zaphokoso zija anthu akumpingo ankati zimasokoneza mutu, ndipo gulu lake linkatchedwa Utuchi. Tsitsi sankapesa. Jekete lake lachikopa sankalivula ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anaimbako pa Jenda, pa boma, ndipo kamodzi anakafika ku Mzuzu kumene magetsi anathima nyimbo yachiwiri isanathe. Kaseti anajambula imodzi yokha, ife n'kumakoperana mpaka mawu ake anayamba kumveka ngati akuimbira m'chidebe.

Panali nyimbo imodzi imene tinkaiyembekezera tonse. Inali ya Chitumbuka, ndipo Chitumbuka chathu obwerafe chinali cha pamsika ndi pantchito, chogulira tomato ndi kupempha fodya. Mawu ambiri gitala inkawameza. Koma pachimake ankakuwa kuti, "Nkhuluta nkhu?" Zimenezo tinkazimva, ndiye kuti ndikupita kuti. Kenako gitala inkalira kutalika kwa mpweya umodzi, iye ali tsinzi, mlomo uli pamaikolofoni, ndipo ikangoleka tinkamva mawu amodzi okha: "kaya!"

Apo ndiye pankakhala fumbi. Ife a Chichewa tinkalumpha, kukweza mapewa, kutambasula manja, tonse pamodzi: "Kaya!" Ndikupita kuti? Kaya, sindikudziwa, ndipo ndilibe nazo ntchito. Kwa anyamata othawa kwawo, opanda mkazi, opanda munda, imeneyo inali nyimbo ya fuko lathu. Ndikukumbuka kuti anzathu a konkuno sankalumpha nawo. Ankangoima, manja kumbuyo, maso pansi. Ife tinkawaseka kuti Angoni ulemu unawapitirira, sadziwa kusangalala.

Sowo anamwalira zaka makumi awiri zapitazo, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa chigayo pa Jenda, ndi matenda aja anatha anthu nthawi imeneyo. Gitala anali atagulitsa kale. Ine kumaliro sindinapite, inali nyengo ya moto ndipo tinali m'nkhalango kuzimitsa. Amene anapita anabwerako msanga, nkhope zili zakugwa. Anati bambo ake, amene anali mkulu wa mpingo ndipo anamuthamangitsa pakhomo kalekale chifukwa cha gitalayo, analola kuti aikidwe pamanda a pamudzi, koma kumapeto, pafupi ndi tchire. Panalibe nyimbo, panalibe m'busa, panalibe pemphero. Anthu anakwirira n'kubalalika.

Chaka chatha, ndikufunafuna mapepala a penshoni m'thiranki, ndinapeza kaseti ija. Ndinapita nayo kwa okonza mawailesi, anandiikira nyimbozo m'foni, ndipo ndinatumizira mnzanga mmodzi wa ku Mulanje amene tinkagona naye nyumba imodzi ku Luwawa. Mwezi usanathe panali patabadwa gulu la pafoni lotchedwa Ana a Utuchi. Anawo ndiye ife, madala a imvi, a mankhwala a shuga m'thumba, ena oyendera ndodo. Tsiku lililonse kunali kukumbutsana. Wina akuti anamuona akuimba gitala ndi mano pa Jenda. Wina akuti nsambo ziwiri zinaduka koma nyimbo sinaime. Wina analemba kuti akanabadwira kunja akanakhala ndi ndege yakeyake. (Bodza linalipo lambiri, koma bodza la chikondi.) Kenako wina anafunsa ngati pamanda ake pali chiliza, ndipo zinadziwika kuti palibe. Tinagwirizana zomumangira. Popeza ndine ndekha wotsala kumpoto kuno, anandisankha kukhala tcheya, ndipo ndikuvomereza kuti udindowo unandikwera m'mutu tsiku lomwelo.

Ndinapita kumudzi kwawo ndipo ndinapeza mlongo wake, NyaShaba, mayi wamasiye, wochepa thupi, amene anaphunzitsapo kupulaimale. Nditamufotokozera, ndinamuikira nyimbo ija pafoni. Anamvetsera dzanja lili pakamwa mpaka kumapeto.

"Adada, mwachita bwino chomene," anatero. "Abambo anapita, amama anapita. Atsala ndi akulu athu a Hezekiya, ndiwo akuuma mtima. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikuwapempha chinthu chimodzi, kuti abusa adzaime pamanda a Lameki, adzamupempherere ngati mwana wa pamudzi pano. Mwina pa nkhani ya chilizayi afewa. Ndisiyireni."

Patatha miyezi iwiri anandiimbira foni. A Hezekiya avomera. Abusa abwera, amayi a umanyano (kwathu timati a mvano) adzaimba. Lamulo ndi limodzi, pamanda pasadzalire gitala.

"Koma ndapota, chonde atcheya," anawonjezera, "pamwalapo mulembepo mawu a nyimbo ija, pamene amafunsa n'kudziyankha. Abambo anafa osaimva. Ndikufuna a Hezekiya aiwerenge ndi maso awo."

Ndinati mumtima, mayi uyu ngwa roko ndithu, akufuna kuwalasa akuluakuluwa ndi mkondo wa mlongo wake. Ndinamulemekeza kwambiri chifukwa cha chinthu chimene sanaganizeko n'komwe.

Mwala ndinakaulembetsa kwa a Zimba, bambo wodekha amene amasema miyala ya ziliza kuseri kwa msika. Ndinawapatsa pepala. Pamwamba dzina. Pansi pake, NKHULUTA NKHU? KAYA. Ndiyeno apa m'pamene nzeru zanga zinandipweteka. Ndinaganiza kuti anzanga akumwera ndi ana awo akadzabwera kudzaona mandawa sadzamva Chitumbuka, ndiye ndinawonjezera mzere wina pansi, womasulira: NDIKUPITA KUTI? SINDIKUDZIWA. Palibe anandituma. Ndinkaona ngati ndikuthandiza mibadwo ya m'tsogolo.

A Zimba anawerenga pepalalo kawiri, n'kuvula magalasi.

"Adada, ndapota, apa pakusowa kanthu. Ndiponso mzere wapansiwu, kaya ameneyu..."

"A Zimba, Sowo mukumudziwa inu?"

"Yayi, ine ndimamvera za kwaya."

"Munavinapo nyimbo imeneyi?"

"Yayi, koma mawuwa..."

"Ine ndinaivina zaka zisanu ndi ziwiri, Loweruka lililonse, ndili kutsogolo penipeni, malovu ake akundigwera pamphumi. Inu ntchito yanu ndi kusema. Semani."

Anapinda pepalalo. "Yewo. Mwala ngwanu."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinaposa pamenepo, chifukwa wofuna kundiuza analipo, ndinamutseka pakamwa ndekha.

Kutatsala masiku awiri tinapita kukamanga, ine ndi mnzanga wa ku Mulanje uja, amene ndi mmisiri wa nyumba. Iye anauwerenga mwalawo n'kunena kuti wakoma zedi (Chitumbuka chake n'chochepa kuposa changa). Tinauika ndi simenti yambiri kuti mvula kapena mbava zisadzaugwedeze, tinaukulunga ndi nsalu yoyera, ndipo ndinamanga ndi chingwe mfundo zitatu. NyaShaba anabwera ndi mbatata yophika n'kupempha kuti asuzumireko pang'ono.

"Ayi amama," ndinatero, "mudzaona limodzi ndi anthu onse. Zikhale zodabwitsa."

Zinadabwitsadi.

Tsikulo linali Loweruka m'mawa, kamphepo kakuulutsa fumbi m'minda yokolola kale. Ana a Utuchi tinafika pa kalole ka matabwa, tonse titavala majekete achikopa a pakaunjika (lamulo la tcheya limenelo, ndipo ena mimba zinakana zipi). Tinapeza mudzi wonse uli kumanda. Amayi a umanyano anali mbali imodzi atavala zoyera, abambo mbali ina pamabenchi a kutchalitchi. A Hezekiya ndinawazindikira osauzidwa, wamtali ngati malemu, suti yakuda, Baibulo m'khwapa, ndodo m'manja. Anatiyang'ana kuyambira kumajekete mpaka kunsapato.

"Mwafika, a magitala," anatero. Dzanja anapereka, koma la nsonga za zala.

Amayi anayamba nyimbo ya maliro, yoyamba kuimbidwa pamanda amenewo chiikidwire munthuyo. NyaShaba anaima pafupi ndi chiliza, misozi ikungotsika, osaipukuta. Zonse zinkayenda bwino mpaka pamene wotsogolera mwambo anati tsopano timve kwa anzake a malemu.

Ndinali nditakonzekera sabata ziwiri. Ndinafotokoza za Luwawa, za jenereta, za kaseti, ndipo anthu ankagwedeza mitu. Ndikanakhala pansi pamenepo, lero bwenzi ndili munthu wolemekezeka. Koma munthu akaona kuti akumumvera amayamba kudzimva.

"Abale," ndinakweza mawu, "Sowo anali mfulu. Mudzi sunamumange, mpingo sunamumange. Ena tikachoka kwathu timalira, koma iye sanalirepo za kwawo ngakhale tsiku limodzi. Kwawo kunali paliponse pamene pali soketi ya magetsi. Anatiphunzitsa kuti mwamuna sayang'ana m'mbuyo. Ndipo moyo utamufunsa kuti iwe ukupita kuti, anayankha bwanji, anzanga?"

Ndinali nditawakonzekeretsa m'lole. Madala onse a majekete anakweza mapewa, anatambasula manja, n'kukuwa pakati pa manda: "Kaya!"

Gogo wina kumbali ya amayi anati, "Mama ine!" n'kudzifunda chitenje kumutu. Ine ndinaganiza kuti mawu anga amukhudza. NyaShaba ankandiyang'ana pakamwa pali yasa, ndipo ndinamugwedezera mutu monyadira, ngati kunena kuti dikirani, zenizeni zikubwera.

Abusa anamasula mfundo zanga zitatu movutikira, n'kukoka nsalu. Anavala magalasi, anawerenga dzina, kenako mzere wa Chitumbuka. Anauwerenga pang'onopang'ono, mawu atatsika, osati mmene tinkaukuwira ife. Amayi anabuula onse pamodzi. Ndinaona a Hezekiya akuvula chipewa. Anasuntha phazi limodzi kuyandikira chilizacho. Ndikulumbira, kwa kamphindi kameneko munthu uja anali atasweka mtima. Sindinamvetse chifukwa chake, koma ndinaona.

Kenako abusa anatsitsa maso pa mzere wapansi. "Ndikupita kuti," anayamba, n'kuima. Anapukuta magalasi. Anayang'ana NyaShaba, anayang'ana ine, osapitiriza.

A Hezekiya anawerama n'kuwerenga okha, mokweza, liwu lililonse palokha. "Ndikupita kuti? Sindikudziwa."

Anaweramuka, anabwezera chipewa kumutu, n'kutembenukira kwa anthu. "Mwapulika?" Ankawafunsa ngati amva. Kenako anandiyang'ana ine, ndipo anayankhula Chichewa choyera bwino kuti ndisaphonye kanthu.

"Yewo chomene, atcheya. Mlongo wangayu wandivutitsa zaka zambiri kuti abambo analakwa, kuti Lameki ankalira kwawo, kuti anafa akufuna Mulungu wake. Lero ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Koma inu anzake, amene munkadya naye mbale imodzi, mwanena ndi pakamwa kuti za kwawo analibe nazo ntchito, ndipo mwalemba pamwala kuti kumene wapita sakukudziwa. Mbwenu, ndiye abusa apempherera chiyani?"

Anatembenuka n'kumapita, osafulumira. Abambo a pamabenchi ananyamuka mmodzimmodzi kuwatsatira. Abusa anatseka buku lawo. Anati iwo sangadalitse mwala wonena zotere pamanda a Akhristu, nkhaniyi ibwerere kaye kwa akulu a mpingo. Anapempherera amoyo okha, mwachidule, dzina la Lameki osalitchula. Amayi a umanyano anapinda nsalu yoyera ija bwinobwino, anaiika pachiliza, n'kuchoka nyimbo yachiwiri osaimba.

Ndinkadziwa kuti ndalakwa, koma moona mtima ndinkaganizabe kuti kulakwa kwanga n'kunena zoona pamalo olakwika. Anzanga anali atayamba kale kuzembera kulole, majekete ali m'manja.

NyaShaba anakhala pansi, pafumbi, msana atatsamira chiliza. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Atcheya, mwakhala zaka zingati kuno kwathu?"

"Zapitirira makumi atatu, amama."

"Munthu akati nkhuluta kukaya, akupita kuti?"

"Kumudzi, kwawo," ndinayankha msangamsanga, ngati mwana wa sukulu amene wapeza funso losavuta.

"Mbwenu?"

Abale, mawu amenewo ndimawadziwa. Ndimawamva tsiku lililonse pashedi panga, wogula matabwa akati akukamanga kukaya. Ndimawanena ndekha. Koma nyimbo imene unaimva uli mnyamata imakhala m'chipinda chakechake m'mutu, ndipo ine chitseko cha chipinda chimenecho sindinachitsegulepo. Ndinakhala pansi nanenso, pamanda a munthu wina amene sindikumudziwa.

"Koma 'ku' sitinkamumva," ndinatero, ngati kuti zimenezo zingandipulumutse.

"Simukanamumva. Ankandiuza kuti akafika pa mawu amenewo kukhosi kumatseka, mbwenu ankasiyira gitala kuti imulirire, iye n'kumalizitsa kotsalako." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Anabwera kuno katatu kudzapepesa. Abambo sanamulole kupitirira khola la ng'ombe. Ulendo womaliza anali atadwala kale, jekete lija likungolendewera. Anakhala pansi pa mtengo uko kumsewu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akupempha kuti adzafere pakhomo. Ine ndinamupititsira madzi m'kapu mobisa. Nyimbo ija anaipekera abambo, adada. Inu munkalumpha, iye akulira."

Ndachitapo manyazi m'moyo mwanga, koma awa anali a mtundu wina. Ndinakumbuka anzathu a konkuno aja, manja kumbuyo, maso pansi, ife tikuwaseka. Ndinakumbuka Sowo ali tsinzi pamaikolofoni, ife tikuti wakomedwa. Zaka zisanu ndi ziwiri munthu ankatiuza Loweruka lililonse kuti akufuna kwawo, ndipo ife okonda nyimbo zake tinkamuyankha ndi mapewa. Ndinapepesa, koma kupepesa kwake kunamveka kopepuka ngati utuchi womwewo. Madzi akatayika saoleka.

Tinakwera lole kubwerera. Pofika pa Jenda mnzanga wa ku Mulanje anali atatuluka kale pagulu la pafoni. Ena analemba kuti iwo ankadziwa kalekale tanthauzo lake, ankangotsatira tcheya (amenewa ndi omwe anakuwa kuposa onse). Lolemba ndinapita kwa a Zimba mutu uli pansi. Nkhani inali itawafika kale. Sanaseke, sananditukwane, anangoti, "Ndinati ndapota, adada," n'kuyamba kulongedza zida.

Tinabwerera kumanda ndi chopalira miyala ndi kajenereta kobwereka. A Zimba anagwada n'kuyamba kupala mzere wapansi uja, ndipo chitsulo chitangokhudza mwala chinalira mokweza, mowawa, ndendende gitala ya Sowo. Lamulo la a Hezekiya linali loti pamanda pasalire gitala, koma tsiku limenelo inalira ola lathunthu, mudzi wonse ukumva. Atatha anasema KU wamng'ono, wopanikizika, kutsogolo kwa KAYA. Pamene panali mzere wanga panatsala chipsera chotuwa. Dzuwa likapendeka, munthu wa maso abwino amathabe kuwerenga SINDIKUDZIWA.

A Hezekiya sanabwere kudzaona. Ndinapita kunyumba kwawo, ndinagwada pakhonde ndi mawondo anga okalambawa, ndinafotokoza kuti cholakwa chinali cha makutu anga, osati cha mtima wa m'bale wawo. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti mwala ungapalidwe koma zimene anthu anamva ndi makutu sizipalidwa. Mpaka lero akulu a mpingo sanaikambe nkhaniyo, ndipo pemphero lija silinachitike. NyaShaba anaidikira zaka makumi awiri mphindi imeneyo, anaigwira m'manja, ine n'kuigwetsa ndi mzere umodzi umene palibe anandipempha.

Tsiku lopala mwalalo NyaShaba anandiperekeza mpaka kumsewu. Anandipatsa mtedza m'kapepala, zomwe zinandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinamufunsa kuti atani tsopano.

"Ndiyambiranso," anatero. "A Hezekiya anavula chipewa, ndinaona. Amene wavula kamodzi angavulenso."

Tinaima pansi pa mtengo kudikira galimoto, ndipo sindinafunse ngati unali mtengo womwe uja.

"Nanga imwe, adada, kukaya n'kuti?"

"Ku Dedza."

"Muli ndi mlongo kumeneko?"

"Alipo mmodzi. Wakalamba tsopano."

"Munamuona liti?"

Ndinayamba kuwerenga zaka m'mutu, ndinasiyira panjira.

"Mbwenu mupita liti?"

Sindinaganize n'komwe. Mapewa anakwera okha, manja anatambasuka okha, mtedza uli m'dzanja, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Kaya."

NyaShaba anafunsa motsitsa mawu, "Ameneyo ndi wa Chichewa kapena wa Chitumbuka?"

Galimoto inafika ndisanayankhe, ndipo ndinakwera. Mabasi a ku Dedza amadutsa pa Jenda tsiku lililonse. Ndikapitako kukagula misomali ndimawaona, ndimawerenga chikwangwani chakutsogolo mpaka basi itakhota, n'kubwerera kushedi kwanga.